Kalata ya Chipwitikizi

Ine ndi amuna anga tinakhala zaka khumi ndi chimodzi popanda mwana. Ndinkagulitsa kachewere pa Lizulu, ndipo mnzanga wapamtima anali mayi wina wa ku Mozambiki amene ankaoloka msewu wa m'malire m'mawa uliwonse atasenza dengu la tomato, mwana wamkazi ali kumbuyo. Mnzangayo atamwalira, mwanayo anali ndi zaka ziwiri, bambo ake osadziwika. Amalume ake anandiuza kuti, "Mutengeni, mayi. Anakuzolowerani kale."

Amuna anga anagwirapo ntchito m'mafamu ku Joni, choncho ankadziwa kuwawa kokhala wopanda mapepala. Anaumirira kuti tipite kukhoti ku Mozambiki komweko. Tinabwerako ndi kalata ya Chipwitikizi yokhala ndi chidindo, tinaisunga m'sutikesi, n'kumati nkhani yatha.

Mwana anakula, mayeso a folomu 4 anakhoza bwino, ndipo sukulu ya unamwino inamuitana. Kumeneko ankafuna chiphaso cha unzika. Nthawi imeneyo n'kuti amuna anga atatisiya kale, ndiye tinapita awiriwiri ku boma.

Bambo amene tinawapeza mu ofesi anaitembenuza kalata ija kangapo.

"Mayi, kalatayi mwina ikunena kuti mwanayu ndi wanu. Koma sikunena kuti ndi Mmalawi. Mufunika kumupemphera unzika."

"Bwana, mwanayu wakulira m'manja mwangamu. Chipwitikizi sachidziwa n'komwe."

"Ndakumvani, mayi. Koma lamulo silinalembedwe ndi ine."

Tinapeza mphunzitsi wina wopuma ntchito amene anatimasulirira kalatayo, kenaka tinakwera basi ya ku Lilongwe. Kumeneko anafuna kalata ya kubadwa. Mnzanga uja anachilira pakhomo, mwana sanalembetsedwe kulikonse. Ndinaoloka kukafuna amalume aja kuti achitire umboni, ndinapeza nyumba yawo itagwa, anthu akuti anasamukira ku Tete kalekale.

Ulendo wachitatu, mayi wina wa mu ofesi anaika mapepala awiri pa tebulo. Dzina la pa kalata ya khoti linali lolembedwa Chipwitikizi, la pa satifiketi ya sukulu linali ndi mfunda wa amuna anga.

"Kwa ife awa ndi anthu awiri," anatero.

Mwana wanga anali ataima pambali panga, atavala bulauzi yake ya kutchalitchi. 

Malo ake kusukulu anapatsa wina. Pano amandithandiza kudimba, ndipo anzake akabwera ku holide amadzitsekera m'nyumba. Tsiku lina tikukumba kachewere anati, "Amayi, musamavutikenso. Miyendo yanu ikutupa."

Mwezi watha ndinapitabe ndekha. Ndinapeza munthu watsopano pa tebulo paja, ndipo fayelo yathu sinaoneke. Anati ndiyambirenso. Nditafika kunyumba ndinamuuza mwana wanga kuti zikuyenda bwino, atiitana posachedwa. Anangoti, "Chabwino, amayi," n'kupita kukanditenthetsera madzi osamba.