Limu Lachinayi la Amalume

Fungo la thina wosungunulira penti limandibwezera ku Ogasiti wina, ndili giredi fili. Kunali mphepo ya fumbi. Atate ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, m'mudzi mwathu kufupi ndi Katete. Ankapala ndi kupenta malimu a magalimoto, zitsulo zija zovala matayala. Ankayamba ndi burashi ya waya, kenako sandipepa yoviika m'beseni, mpaka dzimbiri lonse litachoka. Madzi a m'besenimo ankafiira ngati dothi la katondo.

Mudziwo unali wa kwawo kwa amayi. Atate anali mkamwini wochokera ku Sinda. Mawu omaliza pakhomo anali a amalume, mlongo wawo wa amayi, omwe anali ndi minibasi yoyera. Mkamwini akayambana ndi mwini mbumba amamanga katundu. Izi ngakhale ine ndinkazidziwa.

Mwambo wa Kulamba unayandikira, ndipo amalume anafuna kuti minibasi yawo iwale ponyamula anthu opita ku Mkaika. Anabweretsa malimu anayi pangolo. Atate anapala onse. Atatu anawapenta siliva n'kuwayanika panjerwa, kumbali kosafika fumbi. Lachinayi analitembenuza kangapo, analigogoda ndi sipanala, n'kumvetsera. Kenako analitsamiritsa kunkhokwe losapenta.

"Alamu, nanga ili?" anafunsa amalume atabwera.

"Ili ayi. Lang'aluka."

Atate analoza pafupi ndi bowo la bawuti. Amalume anawerama, inenso ndinawerama. Panali kamzere ngati tsitsi limodzi.

"Katsitsi aka? Pentani apa. Penti yatha, kapena ndi ulesi?"

"Sindipenta."

Masiku atatu limulo linakhala kunkhokwe, nkhuku zikukwerapo. Amayi analeka kulankhula ndi atate, ankangosinja chimanga mwaukali. Kumjigo ndinamva akazi akuti mkamwini wakula mtima, waiwala mwini nthaka yomwe amalima. Ine mutu unaima. Penti inalipo, theka la chitini. Burashi inalipo. Munthu wopentera alendo tsiku ndi tsiku, akanirenji mlamu wake?

Ndiye ndinati ndiwathandize. Masana ena atate atapita kumsika kukagula sandipepa, ndinagubuduzira limulo panjerwa. Ndinapaka momwe ndinkawaonera, pang'onopang'ono, kuyambira mkati. Pa kamzere paja ndinabwereza katatu mpaka kanasowa. Ndinathamanga kukaitana amalume.

Iwo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mwamuna pakhomo pano ndi uyu! Likauma, mawa ndidzatenga."

Atate anafika dzuwa litapendeka. Anayang'ana limu, anayang'ana manja anga asiliva. Ndinadikira mbama kapena kuyamikidwa, sindinadziwe chomwe chibwere. Sichinabwere chilichonse. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi hamala yaikulu. Anamenya limulo mpaka linapindika ngati mbale yopondedwa ndi ng'ombe, penti yaiwisi ikuwathovukira pathalauza. Phokosolo linasonkhanitsa mudzi wonse.

"Mwaswa chinthu changa, m'mudzi mwanga?" anakuwa amalume.

Atate anaika hamala pansi. Kwa ine anangoti, "Tsuka burashi, ingaume."

Kulamba kusanafike, anamanga zida zawo panjinga n'kubwerera ku Sinda. Ankabwera kudzationa, koma sanagonenso pakhomo pathu. Amalume anapeza limu lina ku Chipata. Minibasi inanyamula anthu sabata yonse, ng'oma zikumveka kuchokera ku Mkaika. Palibe chinachitika panjira. Izi zinandisokoneza koposa, chifukwa sindinaone chomwe atate anapulumutsa.

Zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ndinapenta moipa, n'chifukwa chake anapsa mtima. Ndinkakumbukira pomwe penti inadontha, pomwe fumbi linamatirira. Lero ndakalamba pantchito yomweyi, ndipo ndikudziwa kuti ndinapenta bwino mopitirira. Limu losapenta amalume akanachita nalo manyazi pakati pa atatu owala. Langa lija akanalimanga, n'kudzaza minibasi ndi anthu, ena ali ndi ana kumsana.

Chimenecho ndinachimvetsa. Chomwe sindidziwa mpaka pano n'chakuti, ndikanapanda kugwira burashi tsiku lija, kodi atate akanakalambira pakhomo pathu? Ndinawafunsapo kamodzi ali moyo. Anapitiriza kupala limu lomwe linali pamiyendo pawo.