Batire Lotupa la Amayi

Abambo anga ankaopa moto kuposa mmene ankaopera Mulungu, chonsecho anali mkulu wa mpingo. Pafupi ndi chigafa chawo cha fodya ku Chamama sankalola munthu kudutsa ndi machesi m'thumba. Koma m'thumba mwawomo munkakhala foni ya malemu amayi, ya batire lotupa ngati chitumbuwa, yomangidwa ndi mphira kuti itsekeke. Batirelo likatha moto ankaliyanika padzuwa.

Foniyo ankaisungira chinthu chimodzi. Chaka china cha makuponi, amayi anadina molakwika n'kudzijambula mawu akukalipa: "Bambo inu, kuponi ya fetereza mwaisiya kuti? Mudya fodya chaka chino?" Ndiwo mawu awo okha amene anatsala. Abambo ankawamvetsera tsiku ndi tsiku akumwetulira, pomwe amayi ali moyo mawu omwewo ankawathawitsira kudimba.

Mlongo wanga atabereka ku Joni anatumiza tikiti ya ndege, napempha kuti abambo abwere ndi foniyo, mwana adzamve agogo ake aakazi. Ndinawaperekeza ku bwalo la ndege ku Lilongwe.

Mayi wofufuza katundu ataona mphirayo anatsegula foni. "Bambo, batire lotupa chonchi limatha kuyaka lokha, ndipo m'mwamba mulibe kothawira. Foni ipite, batire litsale."

"Ndiye kuti atsale mayi a ana anga," anatero abambo.

Iwo ankakhulupirira kuti mawuwo amakhala m'batire, poti likatha moto amayi ankakhala chete. Ndinafotokoza mpaka kukhosi kuuma, mzere wonse ukutiyang'ana, ndipo ndinapsa mtima. Kenaka ndinawafunsa ngati angalole chinthu choyaka chokha kugona m'chigafa mwawo muli fodya wouma. Anayang'ana ndege pawindo. Anachotsa batire lija, nalikulunga m'mpango wawo, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Bwerera nawo kumudzi. Maulendo sankawakonda kale."

Ndinaseka pamaso pawo, koma m'basi ndinalira, mpango uli m'manja.

M'mawa mwake foni yanga inaitana. Mlongo wanga anali atagula batire latsopano. Ndinamva khanda likulira, kenaka amayi akufunsa za kuponi, mokweza kuposa kale.

"Wawamva?" anatero abambo. "Anditsatira mpaka kuno. Ndipo nkhani ija sanaiwale."