Dzino Langa Lobenthuka

Pamwamba pa chitseko cha nyumba yathu ku Senga Bay pankakhala theka la lezala lokulungidwa m'kapepala. Chaka chimene ndinali mu Sitandade 2, amayi ankalitsitsa Lamlungu lililonse chifukwa cha ine.

Chinali chilimwe chimene amuna atatu anabwera pa galimoto n'kuwatenga abambo. Amayi anatiuza ife ana kuti abambo apita kukagwira ntchito kutali. Sindinalire. Ndinangoyamba kudya zikhadabo. Ndinkadya m'kalasi, m'tchalitchi, ngakhale pothandiza amayi kuyanika usipa, zala zili mchenga ndi mamba okhaokha. Mpaka lero ndimakumbukira kukukutika kwa mchengawo m'mano.

Aphunzitsi ankayendera zala zathu Lolemba m'mawa. Pa ine ankangopukusa mutu. “Iwe, kwanu kulibe chakudya?” Amayi anayesa kundipaka tsabola m'zala. Ndinalira tsiku limodzi, lachiwiri ndinamuzolowera.

Mano anga akutsogolo anali atangomera kumene. Tsiku lina ndikulimbana ndi chikhadabo cha chala chachikulu ndinamva kuti the! Kachidutswa ka dzino kanatsalira pa lilime. Sabata isanathe, kachikhadabo kena kanandibaya nkhama, ndipo panatupa n'kuchita mafinya. Ndinkalephera ngakhale kuluma mango akupsa.

Amalume anandikweza pa njinga mpaka kuchipatala ku Salima. Adokotala anayang'ana m'kamwa, kenako anatembenuza manja anga. Anati dzino la mwana silikhala lokhwima, kuluma chinthu cholimba tsiku ndi tsiku kumaliperepesa, ndipo litsiro la m'zikhadabo ndi limene laletsa bala kupola. “Nkhamazi zichira,” anatero, “koma dzinoli ndi lomweli mpaka ukalamba.” Sananame. Ndili ndi zidzukulu, ndipo ndikamaseka pa chithunzi ndimatsekabe pakamwa.

Pobwerera amalume sanandikalipire. Anandigulira nthochi, n'kunena kuti kuyambira mawa ndiziwagwirira ukonde akamasoka, popeza manja ogwira ntchito sapeza mpata wopita kukamwa.

Amayi nawo anasiya tsabola. Tikachoka kutchalitchi ankandikhazika pamiyendo pawo, n'kumadula ndi lezala lija pang'onopang'ono kachikhadabo kalikonse kamene mano akanagwira. Akamaliza ankapsompsona chala chilichonse. “Ichi ndi changa, usandidyere.” Ndinkaopa kuwadyera zala zawo, moti mvula yoyamba isanagwe zikhadabo zinayamba kumera.

Lamlungu lina, atagwira dzanja langa, ndinaona kuti zikhadabo zawo zinali zodyeka mpaka pamnofu, kuposa zanga. Ndinaseka kwambiri, ndinati ndikawanenera kwa aphunzitsi. Iwo anaseka nane, n'kubisa manja m'chitenje.

Ndinkaganiza kuti ndawagwira pa mlandu. Sindinkadziwa kuti munthu wamkulu amene sangafunse poyera kumene kuli mwamuna wake, nayenso amasowa kopita nawo mantha.