Kathabwa Kotsiriza

Nkhondo ya Azungu ili mkati, kusukulu yathu ya mishoni ku Kasenengwa kunabwera Mzungu wochokera ku Boma, atanyamula kabokosi ndi wotchi. Aphunzitsi anati wabwera kudzayesa nzeru, chifukwa kusukulu yogonera komweko kunatsala malo a mtsikana mmodzi. Oyenera kuyesedwa tinali awiri, ine ndi mng'ono wanga wondiponda pamutu.

Ndinadabwa. Chimanga timayesa ndi dengu, nsalu Amwenye amayesa ndi ndodo. Nanga nzeru, zimene Mulungu amauzira mwa munthu akali m'mimba, azithira m'chiyani?

M'kabokosimo munali timatabwa tosemedwa mosiyanasiyana, toti tilowetse m'mabowo ake pa thabwa lalikulu, wotchi ikuyenda. Tinakhala pamphasa moyandikana, aliyense ndi thabwa lake. Ine thukuta linali kamukamu, ndikulimbana ndi kathabwa kena kokhota. Nditamaliza, mng'ono wanga naye anaika kake kotsiriza. Mzungu analemba, nandiloza ine.

Aphunzitsi anatsokomola. "Iwe," anatero kwa mng'ono wangayo, "kathabwa kaja unakafumbata nthawi yonseyi, umati ukakaphike?"

"Iyayi, aphunzitsi," anayankha atazyolika. "Akulu anga anali asanamalize."

Kwathu wamng'ono sasamba m'manja mkulu asanasambe, ndipo kutchalitchi salowa patsogolo pake. Iye sanaone chifukwa choti matabwa akhale ndi lamulo lina.

Aphunzitsi atamumasulira, Mzungu anavula magalasi nafunsa ngati ana onse kuno amatero.

"Oleredwa bwino okha, bwana," anatero aphunzitsi. Kenaka anandituma kukapirikitsa mbuzi kudimba la sukulu, kuti mwanayo ayesedwe yekha. Ndisanadutse mtengo wa mango, ndinawamva aphunzitsi akuseka mokweza. Mng'ono wanga anali atamaliza kale.

Malo aja anampatsa iye, ndipo ndinalira, sindibisa. Koma funso limene ndimabwera nalo pamaso pa Ambuye mpaka lero ndi lina. Wotchi inamuyesa kawiri, mwana yemweyo, mutu womwewo, nipeza wochedwa ndi wofulumira. Kodi Iye amene amayesa mitima anawerenga nthawi iti?

Tsiku lonyamuka mng'ono wanga anagwada pakhomo, kamtolo kake kali pambali.

"Akulu, ndipite?"

"Ndikati ayi?"

"Ndimasula katundu."

Ndinadziwa kuti sakunena zoseka. Ndinamusenzetsa kamtoloko ndekha. "Pita, wopusa iwe. Ndipo kumeneko usakadikire munthu."