Utsi wa Utitiri mu Mng'oma wa Amjomba

Ine ndine mkamwini. Ndiyambe ndi zimenezo kuti mumvetse chifukwa chake bambo wa ndevu ngati ine ndinatsala pang'ono kupenga chifukwa cha bokosi la matabwa. Kwathu ndi kwa Kawinga ku Machinga, koma ndinakwatira ku Phalula. Kuno munda umene ndimalima ndi wa akazi anga, mango amene ndinadzala ndekha ndi a akazi anga, ndipo nyumba imene ndinaumbira njerwa ndi manja angawa, mawa atangoti nyamukani, ndingaisiye ili chiimire. Sindikudandaula iyayi, ndi mwambo. Koma changachanga chinali chimodzi basi: ming'oma itatu ya njuchi imene amjomba, mlongo wawo wa mayi anga, anandipatsa chaka chimene ndinakwatira. Anatseka pakhomo pake ndi sanza, tinaikwezetsa pa lole, njuchi zikulira m'katimo njira yonse.

Mng'oma woyamba unathera linthumbu. Wachiwiri njuchi zinathawa chaka cha chilala. Unatsala umodzi, wolendewera pa waya mu mtengo wa mthethe kuseri kwa nyumba, ndipo ndinkausamala koposa mmene ndimasamalira mano anga.

Tsiku lina titangotha kukolola chimanga ndinaona njuchi zikukwawa pansi pa mtengowo. Njuchi kuyenda wapansi! Nditatola imodzi ndinapeza mapiko ake ali okwinyika, osatambasuka. Ndinavundukula mng'oma, n'kukweza chisa chimodzi, ndipo pamsana pa njuchi zina panali tinthu tofiirira, tating'ono ngati njere ya mawere, titakakamira. Ndinang'amba kachipinda kamodzi ka ana, namo munali momwemo. Nsabwe za njuchi.

Kuyambira pomwepo sindinakhalenso pansi. Mmawa ndikavundukule, masana ndikavundukule, ndikapita kudimba khasu ndilisiye pa mzere ndibwerere kukasuzumira. Njuchi zinandiluma m'zikope mpaka diso limodzi linatsekeka, koma ayi ndithu.

"Bambo a kuno," akazi anga anatero, "mng'omawo mukuuvundukula ngati poto wa nyemba. Kodi zipsa?"

Sindinaseke. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho Lachisanu ndinalawira kukakwera minibasi ya ku Balaka, kenako ya ku Liwonde, kenako ya ku Ntaja, n'kumalizira pa kabaza. Minibasi ikaima kudikira anthu ndinkachita kugogoda mpando ndi zala, mpaka mayi wina amene ndinakhala naye anandifunsa ngati ndikupita ku maliro.

Amjomba ndinawapeza akutuluka mu mzikiti, akupapasa nsapato ndi ndodo chifukwa maso anali atayamba kuwavuta. Ndinayamba kufotokoza tisanapatsane n'komwe moni. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera, kenako anati, "Kaye, kunyumba kuli bwanji?" Anafunsa za ana, za apongozi, za chimanga, mmodzimmodzi, ine ndikupsa mtima. Titafika pakhonde m'pamene ananena za mankhwala.

"Utenge masamba a nimu ouma, uike pa zitsononkho zoyaka m'chitini. Pamwamba uwaze fodya wongotsina, wokwana ndudu imodzi, osapitirira. Upemerere pakhomo katatu. Nsabwe zina zigwa. Ukatero uchokepo, Juma ziwiri zidutse usanakhudzenso chivundikiro."

"Masabata awiri, amjomba? Si ndikapeza zitatha?"

"Njuchi zathu zino zimadziwa kuchotsana nsabwe zokha. Ana odwala zimatulutsa n'kutaya kunja. Iwe ukungozithandiza pang'ono. Chimene sizipirira ndi mwini wake wosakhazikika. Iwe chibadwire sunadikirepo mbatata kuti ipse."

Ndinabwerera tsiku lomwelo, ngakhale anandiumiriza kuti ndigone. Mmawa mwake ndinachita zonse monga ananenera: nimu, fodya wongotsina, kupemerera katatu. Tsiku loyamba ndinapirira. Tsiku lachiwiri ndinazungulira mtengo wa mthethe mpaka ndinapanga kanjira. Tsiku lachitatu, aaa, manja anapita okha. Ndinakweza chisa, nsabwe zili pomwepo, phee, ngati sizinamve kanthu. Ndinati amjomba akalamba basi, kafodya kongotsina kangaphe chiyani?

Apa m'pamene ndinakumbukira khola la nkhuku. Chaka chilichonse utitiri ukabuka, akazi anga amasonkha moto m'phale, n'kuikapo mapesi a fodya ndi masamba a ombwe, chitsamba chija timapheranso nkhupakupa za mbuzi. Amalowetsa phalelo m'khola, n'kumata mipata yonse ndi dothi kuti utsi usatuluke. Pofika madzulo utitiri wonse umakhala utatha psiti. Ndinaziona ndi maso anga kambirimbiri. Ndinati utitiri ndi nsabwe n'pachibale, mankhwala ake ndi omwewo.

Akazi anga anali atapita kuchigayo, ndiye panalibe wondigwira dzanja. Ndinathyola ombwe wodzaza manja awiri, fodya chingambwe chonse, n'kukoleza m'chitini. Utsi wake unali wachikasu, wotsamwitsa, ine ndemwe ndinkakhosomola misozi ili mbwee. Ndinaupemerera mu mng'oma, osati katatu, koma mpaka mkono unatopa. Kenako ndinamata pakhomo ndi dothi monga timachitira ndi khola, n'kukhala pansi kudikira, kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo mtima uli m'malo.

M'katimo munali mkokomo waukulu. Kenako unayamba kuchepa. Kenako zii.

Akazi anga anandipeza ndikukanganula dothilo ndi chikwanje. Anatula ufa pansi, ananunkhiza mpweya, n'kuyang'ana chitini chija.

"Mwaika ombwe? Njuchi zili momwemo?"

"Si mmene mumachitira ndi utitiri?"

"Mayo ine! Bambo a kuno, nkhuku timayamba tazitulutsa!"

Nkhuku timayamba tazitulutsa, zoona, ndipo ine ndemwe ndi amene ndinkazipirikitsa m'kholamo chaka ndi chaka. Nditavundukula, pansi pa mng'oma panali njuchi zakufa zoti n'kuwola ndi manja. Nsabwe nazo zinagwa, inde, zinali mbwee pakati pa mitemboyo. Mankhwala anagwira ntchito. Ndinalira, sindibisa, ndinalira pamaso pa akazi anga ngati mwana.

Njuchi zina zinatsala, zitaunjikana pakona imodzi, zikugwedezeka mofooka. Ndinasiya chivundikiro chotsegula pang'ono kuti mupite mphepo, ndipo ndinalumbira kuti sindikhudzanso. Koma kulumbirako kunachedwa. Patapita masiku awiri, dzuwa lili paliwombo, ndili kuseri ndikusenga nsungwi, ndinamva mkokomo pamwamba. Zinatuluka zonse, kagulu kochepa koti n'kukwana m'chipewa, zinazungulira mthethe kamodzi n'kulunjika kumadzulo. Ndinazithamangira opanda nsapato, kudumpha mizere, ndikuziwaza mchenga kuti zitere, ndikukuwa ngati zingandimve. Zinadutsa munda wa apongozi, zinadutsa khwawa, n'kukalowa m'nkhalango ya kumanda, m'mphako ya mlambe waukulu umene uli pakati pa mitumbira.

Ndinaima m'mphepete. Kumanda salowako chilowelowe, ndipo uchi wa kumanda palibe amene amafula. Komanso manda amenewo ndi a mtundu wa akazi anga. Ine tsiku langa likadzafika adzandikweza pa galimoto kubwerera kwa Kawinga.

Papita zaka tsopano. Mng'oma uja ukadalendewera mu mthethe. Chaka chilichonse ndimaupaka phula ndi udzu wa mandimu kuti ukope njuchi, koma mumangolowa abuluzi. Ndikapita kwathu, amjomba, amene pano saonanso n'komwe, amandigwira dzanja n'kufunsa, "Njuchi zija zili bwanji?" Ndimati zili bwino, amjomba, zachuluka. Si bodza. Tikamakumba manda ndimazimva pamwamba pathu, mlambe wonse ukulira, ndipo anzanga amadabwa kuti bwanji mkamwiniyu akungoyang'ana kumwamba m'malo mokumba.

M'chilimwe ndimaika beseni la madzi pansi pa mthethe, ndi timitengo toti ziziterapo. Zimabwera. Ndimagwada pafupi n'kuziyang'ana pamsana imodzi ndi imodzi: mapiko osalala, nsabwe sindinaionepo. Zinachira zokha kumene kulibe wozivundukula. Manja ndimawapinda kumbuyo kuti angachite zawo zija. Zimamwa, n'kunyamuka kubwerera kwawo.