Ndinasankha Makauboyi ndi Makutu

Lachinayi limenelo ndinatuluka m'nyumba dzuwa likungosuzumira, Tiwonge ali kumsana, matepi atatu obweza ali m'jumbo. Ndiulule poyambirira: chibadwire mwanayu ndinali ndisanapite naye patali kuposa ku sikelo.

Ine ndi amuna anga, a Mtonga, tinali ndi vidiyo pa Emusa: kachipinda kakale ka sitolo, mabenchi asanu ndi limodzi, mazenera otseka ndi masaka, kajenereta kotsokomola kuseri. TV ndi deki yoikamo matepi sizinali zathu. Anatibwereka ndi a Nyirenda, asibweni awo a Mtonga, ndiye kuti amalume awo, munthu wa ng'ombe zambiri ndi mawu ochepa. Kwa miyezi iwiri mabenchi athu ankakhalapo ntchentche, chifukwa wina anatsegula vidiyo ya makarate pafupi ndi chigayo. A Nyirenda anatumiza mawu: Loweruka abwera ndi ngolo, ndipo akapeza mabenchi opanda anthu anyamula katundu wawo. Sabata yomweyo a Mtonga anagwa pa njinga, bondo n'kutupa ngati dzungu. Wopita ku Boma kukasintha matepi anatsala ine.

"Anyina Tiwonge, mukayang'ane chikuto chabe," anatero a Mtonga ali pamphasa. "Pomwe pali mfuti zambili, tengani. Za ku koleji musiye kuno."

Za ku koleji zinali m'sutikesi kale: satifiketi ya ntchito yotayipa yomwe sinandipezere ofesi. Ntchito yanga inali yokhala pakhomo la vidiyo, nkhope kunja, msana ku TV. Zaka ziwiri ndili pamenepo, ndipo sindinaonerepo filimu ngakhale imodzi mpaka kumapeto. Mfuti zimandiopsa, ngakhale za m'galasi. Koma dzanja lozolowera kulemba silikhala chete. Ndinali ndi kabuku, ndipo filimu iliyonse ndinkalemba zomwe ndamva ndi chiwerengero cha anthu otuluka kukataya madzi isanathe. Filimu yabwino, munthu amapirira. Yoipa, aliyense chikhodzodzo chimamukumbutsa. Kabukuka a Mtonga sankakadziwa, ndipo ndinakabisa m'matewera.

Cha m'ma seveni ndinakwera lole yonyamula mabelo a fodya. Anandilipiritsa K1,500, mwana ulere. Fungo la fodya linamuyetsemulitsa Tiwonge kawiri, ndipo tisanadutse sukulu ndinali nditamupezera kale matenda atatu m'mutu mwangamu.

"Mwawuka uli, amama?" anatero mkulu wina wa chipewa chodyeka m'mbali, atakhala pa belo lake ngati pampando wa tchalitchi.

"Tawuka makola, kwali imwe adada?"

"Ndimwe a pa vidiyo. Ine ndine Jere. N'nasiya kubwela."

Ndinafunsa chifukwa.

"Makauboyi anu aja a ku Amelika akamba monga makhansala. Munthu afuna kuwombela mnzake, ayamba wafotokoza mbili ya agogo ake, m'Chizungu. Ise tikhale tilikuwodzela. Ng'ombe zao chabe ndiye zabwino, zonenepa, zoyenda m'mzele."

"Nanga a ku Italy?"

"Aja osasamba? Milomo ikamba zina, mau abwela zina, koma mau afuna ndani? Ayang'anizana chabe, ndipo tonse timva."

Nthawi ya naini tinaima pa kamlatho kuti dalaivala athire madzi m'injini. Ndinagula chinangwa chowotcha cha K100 ndi kapu ya chindongwa, thobwa la kwathu. Mayi wogulitsa anandidzudzula kuti liwombo la mwana lili pamphepo. Ndinamufunditsa. Mnzake anati ndimupha ndi kutentha. Ndinamufundula theka, onse awiri n'kukhutira. Kuchoka apo msewu unali wa malata, mano kugundana okha. Pa Mphamba tayala linaphulika, amuna n'kutsika kukapereka malangizo kwa munthu mmodzi yemwe ankagwira ntchito. Tinalowa m'Boma dzuwa lili paliwombo, tonse tili ofiira ndi fumbi.

Kobwereka matepi kunali kuseri kwa msika, kwa a Zgambo, omwe ankakonzanso mawailesi. Pakhonde panali amuna atatu osewera nsolo. Matepi onse anali ojambulidwa kuchokera ku ojambulidwa kale, zikuto zake za fotokope, zina zotuwa moti hatchi ndi munthu sungazisiyanitse.

"A Mtonga adwala? Pepani. N'nawasungila awa." Anaika atatu patebulo. Mfuti pa zikutozo zinali zokwanira nkhondo.

Ndinatsala pang'ono kuthokoza n'kutuluka. Akanakhala oipa, mlandu ukanakhala wa chikuto, osati wanga. Koma ndinaona m'maganizo ngolo ya a Nyirenda itaima pakhomo pathu, ndipo mawu anatuluka okha, aang'ono ngati a mwana wa sukulu.

"Ningayeseko poyamba?"

"Muyese? Amama, filimu imodzi ni maawazi awili."

"Pakati chabe. Pang'ono."

Anaika tepi yoyamba, n'kuithamangitsa. Ine ndinatembenuka, msana ku TV, nkhope kukhomo, monga ndinazolowera. A nsolo aja anasiya masewera.

"Mlamu, TV ili uku," anatero mmodzi.

"Kumudzi aonela na kabuno," anayankha mnzake akuloza kumbuyo kwanga, onse n'kuseka.

Ine ndinangomvetsera. Zingwe zoimba zolira mofewa, mwamuna akulankhula, mkazi akuyankha, mwamuna akulankhulanso. Ndinazindikira. Ndinasolola kabuku m'matewera n'kutsegula.

"Iyi tinatenga kale mwezi wa Febuluwale, m'chikuto china. Anatuluka anthu khumi na anayi. Lomba apa galu auwa, mkazi amenyetsa chitseko."

Mwamuna wa m'filimu anapitiriza kulankhula, ine ndikupemphera kuti galuyo asandichititse manyazi. Kenaka anauwa. Chitseko chinati phwa.

Wa kabuno uja anavula kapusi, n'kuivalanso. A Zgambo anatulutsa tepi, anaiyang'ana uku ndi uku, n'kudandaula kuti obwereka amasokoneza zikuto.

"Bweletsani ena onse a makauboyi," anatero mmodzi wa a nsolo. "Tione mayi awa."

Tinayesa asanu ndi anayi, Tiwonge akuyamwa, ine ndikuyang'ana msika. Mu yachitatu munali khoti lokhalokha. Mu yachinayi munali kuimba, amuna akuluakulu kuimbira hatchi. Mu yachisanu munayamba mphepo, chitsulo chikulira patali, nsapato zikuyenda pa matabwa pang'onopang'ono, kenaka bata. Batalo linatalika mpaka a Zgambo anakweza dzanja kuti amenye TV.

"Musaimenye," ndinatero. "Siinafe. Ayang'anizana."

Mluzu unalira, lipenga n'kuutsatira, mfuti n'kulira kamodzi kokha, kulira kwake kotalika ngati kukubwerera kuchokera kuphiri. Ndinatenga imeneyo, ndi ya chisanu ndi chiwiri yomwe inali ya mtundu womwewo, ya ku Italy, yopanda mawu ambiri. Yotsiriza inali ya ku Amerika, yakale, yolankhula ndithu, koma pansi pa mawuwo ndinamva ng'ombe, mazanamazana, zikwapu, ndi madzi a mtsinje. Ndinaganiza za munthu yemwe abwere ndi ngolo.

"Iyo ilibe na mfuti pa chikuto," anatero a Zgambo.

"Mangani pamodzi."

Pobwerera ndinakwera vaneti ya fifitini awazi, ndiye kuti 3 koloko masana, K2,000, titapanikizana ndi matumba a mchere ndi njinga yatsopano ya mphunzitsi wina. A Jere analimo, atagulitsa fodya wawo, akununkhira sopo. Ndinawauza za Loweruka. Anati aona. Njira yonse ndinagwira jumbo ndi dzanja limodzi, mwendo wa Tiwonge ndi linalo, osadziwa chomwe ndikuopa kwambiri kuti chigwa.

Vaneti sinachedwe panjira ngati lole ija, ndipo tinafika dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. A Mtonga anayang'ana zikuto zitatuzo nthawi yaitali. Pa chachitatu panali mwamuna ndi mkazi ataima pafupi ndi mpanda.

"Mwabweletsa ukwati," anatero, n'kutembenukira kukhoma.

Lachisanu lonse sindinadye bwino.

Loweruka cha m'ma fotini awazi ngolo inafika, ng'ombe ziwiri zakuda, bulangete loti akulungire TV lili pamwamba. A Nyirenda analowa n'kukhala kumbuyo. A Jere anabwera ndi alimi anzawo ambiri ndithu, mabenchi anayi n'kudzaza. Tinayamba ndi ya mluzu ija. Bata litafika, m'chipindamo munangomveka jenereta. Anthu odutsa panjira anamva lipenga, anaima, analowa, mpaka ena kukhala pansi. Anatuluka munthu mmodzi yekha, ndipo anabwerera akuthamanga, lamba ali m'manja.

Tinaika ya ng'ombe. Achinyamata ena anang'ung'udza, awiri n'kutuluka. Kenaka ndinamva mawu omwe sindinawamvepo akukwera chikwatiwire changa.

"Iyayi, apo yayi. Mathole aŵa ŵamalenge. Yambukirani kusika." Anali a Nyirenda, akulangiza azungu a m'filimu kuti awolotsere kumunsi, kuopa kuti ana a ng'ombe angathere m'madzi. Madoda ena anatsutsa, ena anavomereza, mkangano n'kuyaka bwinobwino, filimu ikupita.

Itatha anandiitanitsa panja. Ndinagwada chapatali, mwana kumsana.

"Mkamwana, akuti mwasankha ndimwe."

"Inde, adada."

"Azungu aja ataya mathole awili mwa uchitsilu." Anayamba kumasula chingwe cha ng'ombe. "TV ikhale. Ndipo ku Boma muzipita ndimwe. Uyu azilonda bondo lake."

A Mtonga, atatsamira ndodo pakhomo, anati iwo anadziwa kale kuti ya ng'ombe ija ndi yabwino. Sindinawatsutse. Ndinangowapempha kuti andigwirire mwana, chifukwa ndinkafuna kuseka pandekha kuseri kwa nyumba.

Mantha sanandichoke pa ulendowu, ndisaname. Ndinapita nawo ndipo ndinabwera nawo. Chomwe ndinaphunzira n'chakuti munthu amatha kunjenjemera uku akunena zoona, ndipo zoonazo sizichepa chifukwa mawu atuluka aang'ono. Madzulo amenewo ndinadya mbale ziwiri.