Kadzungu kamene mdzukulu wanga analoza

Ine sukulu ndinalekezera sitandade thuu, koma za nthaka musandiphunzitse. Mphamvu zanga zonse zinathera pa utenanti wa fodya cha ku Chisepo, ndipo nazale yanga mabwana ankachita kubwera ndi alendo kudzaiona. Titakalamba tinabwerera kumudzi kuno kumapiri, kufupi ndi Kasakula, n'kutsegula kadimba kumunsi kwa nyumba komwe kuli chitsime.

Chaka chimene ndikunenachi, mwana wanga wamkazi anatisiyira mwana wake wa zaka zisanu, iye n'kupita ku Lilongwe kukasaka ntchito. Mdzukuluyo anali mtsikana wolongolola, wosaopa munthu. Anthu amati ine ndikamayankhula, ngakhale nkhuku zimathawa, koma iyeyu ankangotseka makutu n'kundiuza kuti ndichepetse wailesi. Ndinkamutchula mkazi wanga wamng'ono, monga timachitira ndi adzukulu, ndipo akazi anga ankati ndimutenge ndithu, mwina andiphikira zofewa zoyenera mano anga atatuwa.

Mu Ogasiti ndinamupatsa nthanga zinayi za maungu kuti abzale yekha. Nyengo yadzuwa timakumba bedi lolowa pansi ngati beseni, kuti madzi othirira asathawe. Ndinakumba lakuya bwino, anthu odutsa aone kuti pagwira munthu. Mwana ankathirira m'mawa uliwonse ndi kachitini, theka la madzi likuthera pa diresi. Nthanga zinamera, zinayanga, chiluwe chinatuluka, kenako kadzungu kamodzi konga dzira la nkhuku.

Tsiku limene tinakapeza, mwana analumpha n'kukaloza ndi chala. Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinakuwa kuti dzungu saloza ndi chala, limawola, amaloza ndi chibakera. Ndi mmene anatilerera ife. Mwana anabisa dzanja kumbuyo, kenako anaiwala, ndipo nanenso ndinaiwala.

Sabata yomweyo, mu Okutobala, kunagwa mvula. Ndinati chizimalupsa chimenechi, mvula yongozimitsa moto wa m'tchire, imagwa tsiku limodzi n'kupita. Koma sinapite. Inasanduka mvumbi ngati tili mu Febuluwale, mapiri osaoneka, nkhungu mpaka pakhonde, zovala kumanunkha pachingwe. Tsiku lachitatu akazi anga anandiuza kuti ndikatseme ngalande, bedi lija ladzaza ngati damu. Ndinawayankha kuti mvula ya Okutobala ndinaidziwa iwo asanamere mano, mawa liwala dzuwa. Anabwerezanso. Pamenepo ndiye sindikanapitanso, zikanaoneka ngati ndatumidwa.

Masiku amenewo ndimawalakalaka, ngakhale anali onyowa. Tinkafunda thumba limodzi la feteleza, ine ndi mwana, n'kumaterereka kutsikira kudimba, matope akutivula mapatapata. Iye ankawerenga achule, akafika pa faifi n'kuyambiranso. Ankandifunsa ngati dzungu limamva kuzizira, ine n'kumati limamva ngati ndi laulesi. Ankaseka mpaka thumba kugwa. Madzi m'bedimo ndinkawaona ndi maso angawa, khasu lili poteropo.

Dzuwa litatuluka patatha pafupifupi masabata awiri, masamba onse anali achikasu. Ndinagwira kadzungu kaja, kanangophwanyikira m'manja, kunsi kuli chuku choyera. Sindinachite kufunsa munthu. Mizu inali itamira. Ku fodya kuja ndinkakalipira anzanga chifukwa cha zomwezi.

Mwana anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu.

“Agogo, ndi chala changa chija eti?”

Akazi anga anali chiimire kumbuyo kwathu. Ndinawayang'ana iwo, ndinayang'ana mwana.

“Ndinakuuza,” ndinatero ine.

Sanalire. Koma kudimba anasiya kubwera. Akafuna kundionetsa kanthu, kaya ndi mbalame, kaya galimoto kumsewu, ankaloza ndi mlomo, dzanja atalikulunga m'diresi. Mwanapiye wina atafa ndi chinyontho, ndinamumva akufunsa agogo ake aakazi ngati anamulozapo. Madzulo ake akazi anga sanandizungulire.

“Madala inu, mtolo wanu mwasenzetsa mwana. Manyazi mulibe?”

Ndinati ndimuuza mawa. Mawa lake ndinati ndidikire tikhale awiriwiri. Tikakhala awiriwiri ndinkayamba za ntchito yanga ya fodya.

Khirisimasi isanafike amake anabwera kudzamutenga, ntchito itapezeka. Ndinawaperekeza mpaka kumsewu, chikwama nditanyamula ine. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndimuuze mwanayo. Wa kabaza ataliza njinga yake, chimene chinatuluka n'choti mvula ya chaka chino inali yoipa. Mwana anangogwedeza mutu, atapanikizika pakati pa amake ndi woyendetsa.

Mvula yagwa zaka zitatu tsopano asanapondenso kuno. Pa foni amandipatsa moni waulemu wa m'tauni, n'kubweza foni kwa amake ndisanakonze n'komwe kukhosi. Mwina anaiwala, mwina ayi, ine sindidziwa. Amake akuti tsopano mwanayo akuwerenga bwino kuposa ine. N'chifukwa chake ndagula kope, ndipo izi ndalemba masiku anayi, dzanja likuwawa, kuti wopita ku Lilongwe akamupatse m'manja.

Mdzukulu wanga, bedi lija ndinakumba ndine. Ngalande ndinakana kutsema ndine. Chala chako chinalibe mlandu. Uwauze amako akubweretse pa holide, mano atsala awiri.